Thole lamphongo la ng'ombe yamkaka, kuchokera m'khola mpaka pa sikelo ya butchala: nkhani ya banja lina ku Bembeke

Khola lomwe tikunena pano lili m'dera la Bembeke m'boma la Dedza, kumtunda kozizira komwe anthu amadalira mbatata ya kachewere, chimanga, nyemba ndi mkaka. Banjali linali ndi ng'ombe ziwiri zamkaka, Friesian yosakanizika ndi zebu, zodyera m'khola momwemo osapita kudambo. Yaikulu analandira kugulu la alimi a mkaka pa ndondomeko yopatsirana. Msoti wake woyamba anaupereka kwa mnzawo monga mwa lamulo la gulu, wachiwiri ndiye anasunga. Nsenjere anali nayo pa theka la ekala m'mbali mwa munda, ndipo mkaka wonse unkapita kugulu la alimi a mkaka, malipiro n'kumabwera pamwezi.

Ife alangizi tinaitanidwa pakati pa Okutobala 2022 chifukwa cha thole lamphongo la masabata atatu lomwe linkatsekula m'mimba. Tinalipeza litagona pakona pa khola, pansi ponyowa, mchira uli ndi ndowe zachikasu zouma. Maso anali atalowa m'kati. Chikopa cha pakhosi titachitsina n'kuchisiya, chinatenga masekondi asanu kuti chibwerere. Thupi silinali lotentha, linali pa madigiri 38.9, ndipo chala titachiika m'kamwa linayamwa, ngakhale mofooka. Tepi ya pachifuwa inasonyeza makilogalamu 31, kutanthauza kuti chibadwire silinawonjezerepo kanthu.

Kufunsa bwino, zinapezeka kuti tholelo linkamwa lita imodzi patsiku, yozizira, yotsala m'chidebe akachoka kokapereka mkaka. Tsiku lobadwa linayamwa mochedwa chifukwa linabadwa usiku, ndipo mkaka woyamba wachikasu wambiri anaukama n'kupatsa nkhumba. Mayi a pakhomopo sanabise maganizo awo: "Alangizi, ikanakhala yaikazi bwenzi tikuisamala. Mphongo ingomwa mkaka wa ndalama, idzatibwezera chiyani?" M'zaka zisanu ndi chimodzi khola limeneli linabala ana amphongo anayi lisanabadwe ili. Awiri anafa asanathe miyezi iwiri, awiri anagulitsidwa ali ang'ono pamtengo wosakwana wa mbuzi yaikulu.

Funso la mayiwo ndi lomveka, ndipo likufunsidwa m'makola ambiri a Dedza ndi Ntcheu. Komabe taonani mbali inayi. Kalembera wa 2008 anapeza anthu 13 miliyoni m'dziko muno, wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni, ndipo mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre ikufuna nyama tsiku ndi tsiku. Ng'ombe zambiri zophedwa ndi zebu zochokera kuchigwa cha Shire ndi kumpoto, zomwe zimatenga zaka zinayi kapena zisanu kuti zifike pophedwa. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka ku Chikwawa kapena Nsanje, boma limaletsa kuyenda kwa ng'ombe ndipo nyama imasowa m'mabutchala. Pamene zili chonchi, theka la ana obadwa m'makola a mkaka ndi amphongo. Woweta zebu amadyetsa mayi chaka chonse kuti apeze mwana mmodzi wa nyama, koma kwa mlimi wa mkaka mayiyo wadzilipirira kale ndi mkaka wake. Nyama imeneyi ikutayika m'masabata oyambirira pofuna kupulumutsa malita atatu patsiku.

Chithandizo choyamba

Popeza tholelo linkatha kuyamwa, sipanafunike madzi a mumtsempha. Tinasakaniza lita imodzi ya madzi owiritsa ndi mchere supuni yaing'ono imodzi yosadzaza, soda wophikira theka la supuni yaing'ono, ndi glucose supuni zazikulu ziwiri. Shuga wa mutiyi sitinagwiritse ntchito, chifukwa thole laling'ono silitha kumugaya ndipo amangowonjezera kutsekula. Linkamwa malita awiri a madziwa masana ndi ena awiri usiku. Mkaka sitinauimitse. Anthu ambiri amausiya thole likatsekula, koma lofooka ngati ili likasowa mkaka masiku awiri limafa ndi njala kutsekulako kutasiya. Chofunika n'kusiyanitsa madziwa ndi mkaka ndi maola awiri, popeza soda amasokoneza kuundana kwa mkaka m'mimba. Jakisoni wa maantibayotiki sitinabaye, chifukwa thupi silinatenthe, m'ndowe munalibe magazi, mchombo ndi mawondo sizinatupe.

Tinalichotsa m'khola la zikuluzikulu n'kulimangira kakhola ka matabwa kokwera pang'ono, koyalamo udzu wouma, kotchinga mbali yomwe mphepo imachokera. Patsiku lachinayi ndowe zinalimba.

Apa ndi pomwe tinakhala pansi ndi bambo ndi mayi a pakhomopo kuti asankhe: aligulitse likangochira, kapena alilere mpaka lidzaphedwe. Tinawerengera limodzi kuti kuyamwitsa kudzadya malita pafupifupi 300 a mkaka, ndipo ndalama sidzaoneka mpaka zaka ziwiri. Anavomera kulilera. Ng'ombe yachiwiri itabala mu Disembala, nayonso mphongo, ananena kuti alera onse awiri, ife n'kuvomereza. Kuvomereza kumeneku kunali kulakwitsa, ndipo zidzaoneka kutsogoloku.

Kuyamwitsa ndi kuletsa mkaka

Thole loyamba tinalikweza pang'onopang'ono mpaka malita anayi patsiku, awiri m'mawa ndi awiri madzulo, wongokamidwa kumene usanazizire. Lachiwiri linayamba bwino: linamwa malita awiri a mkaka woyamba wachikasu pasanathe maola awiri libadwe, ena awiri tsiku lomwelo, ndipo mchombo unaviikidwa mu ayodini. Matumbo a thole amalandira chitetezo cha mu mkaka umenewu m'maola oyambirira okha. Tsiku limodzi likatha, khomo latsekeka.

Chakudya chouma chinayamba sabata yachiwiri, kadzanja kamodzi m'mbale. Tinasakaniza magawo 7 a madeya ndi magawo 3 a soya wokazinga n'kugaya, ndi kamchere pang'ono. Soya wosakazinga amatsekula m'mimba, keke ya thonje (zotsala akafinya mafuta m'njere zake) siyenera thole lomwe chifu chake chachikulu sichinayambe ntchito, ndipo madeya a chuku, onunkha kapena oundana, ndi poizoni. Madzi akumwa analipo nthawi zonse m'chidebe chapadera. Ena amati thole lomwa mkaka silifuna madzi, koma mkaka umadutsa chifu chachikulu osalowamo, pamene madzi amalowamo n'kuthandiza tizilombo togaya chakudya kuti tiswane.

Kuletsa mkaka sitinayendere msinkhu, tinayendera kadyedwe. Thole likadya kilogalamu imodzi ya chakudya choumacho masiku atatu otsatizana, mkaka tinkauchepetsa kwa sabata imodzi n'kuusiya. Loyamba linafika pamenepa lili ndi masabata 15, makilogalamu 78, litamwa malita 310. Lachiwiri linafika lili ndi masabata 11, makilogalamu 80, ndi malita 270. Kusiyana kwa masabata anayi kumeneku ndiye mtengo wa mkaka wachikasu uja unapita kwa nkhumba.

Onse awiri tinawathena ndi Burdizzo, chipangizo chopanira mitsempha ya machende, ali ndi miyezi itatu. Nkhunzi yosathena imakula msangako, koma m'khola la ng'ombe ziwiri ikhoza kukwera mayi ake, ndipo nkhunzi ya Friesian ikakula ndi yoopsa pakhomo pomwe odyetsa ndi ana asukulu. Pothena, mtsempha uliwonse umapanidwa pawokha, wina m'mwamba pang'ono wina m'munsi, osadutsa pakati pa chikopa kuti magazi aziyendabe. Patatha masabata asanu ndi limodzi tinabwerera kukaona ngati zafota mbali zonse.

East Coast Fever m'khola lotseka

Kumapeto kwa Malichi 2023 thole lachiwiri linasiya kudya. Thupi linatentha kufika madigiri 41.2, anabere anatupa kunsi kwa khutu ndi kutsogolo kwa phewa, maso akutuluka misozi. M'kati mwa khutu tinapezamo nkhupakupa zofiirira. Izi zinali zizindikiro za East Coast Fever, matenda omwe kachilombo kake kamafalitsidwa ndi nkhupakupa zimenezi. Bambowo anadabwa, poti ng'ombe zawo sizituluka. Nkhupakupazo zinabwera ndi udzu. Nsenjere itayamba kuchepa, mnyamata wawo ankamweta udzu kudambo komwe zebu za m'mudzi zimadya. Zebu zokulira m'dera la matendawa zambiri zimapirira n'kumasunga kachilomboko, pamene za mtundu wa Friesian zimafa msanga. Kupopera nako kunali kwa apo ndi apo, ndiponso mankhwala ankasungunula mongoyerekeza ndi chitsekerero cha botolo.

Sitinadikire zotsatira za magazi. Tinabaya mankhwala a matendawa otchedwa buparvaquone tsiku lomwelo, mililita imodzi pa makilogalamu 20 mumnofu wa pakhosi, n'kubwereza patatha maola 48. Mankhwalawa amagwira bwino matenda akadali koyambirira. Akafika m'mapapo, thole likupuma movutika ndi thovu m'mphuno, kawirikawiri ndalama imangotayika. Ili linachira, koma linaima kukula pafupifupi miyezi iwiri ndipo silinafikenso mnzake uja.

Kupopera tinakukonza motere: amitraz wa 12.5 peresenti, mamililita awiri pa lita ya madzi, ndiye kuti 32 m'sipuleya ya malita 16, sabata iliyonse nthawi ya mvula, ng'ombe yaikulu malita asanu, osaiwala m'makutu, pansi pa mchira ndi pakati pa miyendo. Katemera wa matendawa alipo, amapangidwa ku Lilongwe ku Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases, koma amasungidwa ataundana mu nayitrojeni wozizira kwambiri ndipo akamusungunula amafuna ana a ng'ombe makumi angapo tsiku limodzi. Mlimi mmodzi sangamuitanitse yekha. Gulu ndiye lingathe, ndipo alimi amene amatemera ana aakazi okha azilemba ndi amphongo omwe. Chifukwa cha udzu wa kudambo womwewo, komwe kuli nkhono zofalitsa nyongolotsi za m'chiwindi, tinamwetsanso albendazole wa 10 peresenti, mililita imodzi pa makilogalamu 10, kumapeto kwa mvula ndi kumayambiriro kwa ina.

Udzu utatha

Vuto lalikulu pa nkhani yonseyi silinali matenda. Mu Seputembala 2023 mayiwo anadandaula kuti mkaka wa ng'ombe ziwiri watsika kuchoka pa malita 21 kufika 13 patsiku. Gawo lina linali lachibadwa, popeza zonse zinali zitakamidwa miyezi yambiri, koma mafupa a m'chiuno anali poyera, ndipo yaikulu inali isanasonyeze kufuna nkhunzi. Titayeza udzu wa tsiku limodzi pa sikelo yopachika, tinapeza makilogalamu 70 a nsenjere yokhwima ndi mapesi ochepa, za ng'ombe zinayi.

Ng'ombe imadya chakudya chouma cholemera pafupifupi magawo atatu pa 100 alionse a thupi lake patsiku. Nsenjere yaiwisi ndi madzi magawo anayi mwa asanu. Choncho ng'ombe yamkaka ya makilogalamu 400 imafuna udzu wauwisi makilogalamu 50 mpaka 60, ndipo zothena ziwirizo, za makilogalamu 190 ndi 130, zinkafuna ena pafupifupi 45. Theka la ekala silikanakwanitsa zimenezi ngakhale chaka cha mvula yabwino. Masamu amenewa anayenera kuchitika mu Disembala muja, thole lachiwiri lisanalandiridwe. Tinawerengera mkaka woyamwitsa, mankhwala ndi madeya, koma sitinapite kumunda kukayeza nsenjere, komanso sitinakonze zoumitsa udzu mu Epulo ndi Meyi pamene unali wambiri.

Tinalangiza kugulitsa yothena yaing'onoyo nthawi yomweyo. Bambowo sanafune, ankati yawadyera kale zambiri, koma ng'ombe yamkaka ndi imene imalipira sopo, fizi ndi feteleza mwezi ndi mwezi, ndipo ikachedwa kutenga bere mlimi amataya mkaka wa chaka chamawa. Anasunga yoyamba chifukwa inkakula bwino, magalamu pafupifupi 400 patsiku chiletsereni mkaka. Yachiwiri inagulidwa mu Okutobala ndi munthu wa ngolo wa mudzi woyandikana, pamtengo womwe unangobweza mkaka ndi mankhwala ake. Mkaka unakwera pang'ono patatha masabata atatu, ndipo ng'ombe yaikulu inatenga bere mu Disembala, mochedwa ndi miyezi ingapo.

Mvula itagwa, yotsalayo inkadya nsenjere, udzu wa m'mizere, masamba a nyemba ndi kilogalamu imodzi ya madeya patsiku. Kumapeto kwa Epulo 2024, ili ndi miyezi 19, inali makilogalamu 290.

Kunenepetsa

Tinakonza zoinenepetsa masiku 100 kuyambira Meyi, nthawi yomwe madeya amachuluka m'zigayo. Chaka chimenecho sizinatero. Kwacha inali itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mankhwala ochokera kunja anakwera mtengo, kenako ng'amba ya El Niño inachepetsa chimanga m'dziko muno. Chimanga chikachepa anthu sakonola, amagaitsa mgaiwa, ndiye madeya kulibe. Ochepa opezekawo amalimbirana oweta nkhumba, a mkaka ndi ophika kachasu. Apa tichenjezane za thumba. Madeya ndi opepuka, ndipo thumba la chimanga la makilogalamu 50 lodzaza madeya titaliika pa sikelo linali makilogalamu 31 okha. Wowerengera chakudya ndi matumba amanamiza ng'ombe ndi mwini wake yemwe.

M'malo mwa makilogalamu anayi a madeya patsiku tinaika awiri ndi theka, keke ya mpendadzuwa kilogalamu imodzi, zotsalira za nyemba zouma, mapesi odula, mchere magalamu 50, ndi madzi malita 40. Mpata wotsalawo tinaudzaza ndi zomwe Bembeke ali nazo zambiri, timbatata ta kachewere tosagulitsika, tating'ono ndi tocheka ndi khasu. Tinkatitsuka, kuchotsa tobiriwira, tophukira ndi towola, kenako kudula, chifukwa kambatata kathunthu kamatha kutsamira pakhosi ng'ombe n'kutupa mimba. Tinayamba ndi makilogalamu awiri, kuwonjezera imodzi pakatha masiku atatu, mpaka asanu ndi atatu, ogawa m'mawa ndi madzulo, udzu wouma ukhale woyamba kudyedwa.

Sabata yachisanu ndi chimodzi banjalo linapita kumaliro ku Lizulu. Mnyamata wotsala pakhomo, pofuna kuti ng'ombe isavutike, anathira mbatata ndi madeya onyowetsa za masiku awiri nthawi imodzi, udzu osaika. M'mawa mwake tinaipeza itaima mutu uli pansi, ikukukuta mano, osabzikula. Ndowe zinali zamadzimadzi, zotuwa, zonunkha ngati phala losasa. Titaika khutu kumanzere kwa mimba, chifu chinali chete, ndipo pochikankha ndi chibakera munkamveka madzi akukhuvuka. Chakudya cha sitachi chikachuluka mwadzidzidzi chimasasa m'chifu, asidi amachuluka, tizilombo togaya udzu timafa, ndipo madzi a m'thupi amathamangira m'chifumo.

Tinachotsa zonse modyeramo n'kusiya udzu wouma wokha. Tinamwetsa soda wophikira magalamu 200 m'malita atatu a madzi, ndi botolo, pang'onopang'ono, mutu osaukweza kwambiri kuti zisalowe m'mapapo, ndipo tinabaya mavitamini a gulu la B. Madzi akumwa tinapereka ochepa pafupipafupi tsiku loyamba. Tsiku lachiwiri tinatenga zam'chifu cha ng'ombe yathanzi yomwe inali itangophedwa kumsika, kuzifinya pansalu, madzi ake akadali ofunda malita anayi n'kumwetsa, kuti tibwezeretse tizilombo tija. Inayamba kubzikula tsiku lachitatu. Mwayi wake sinagone pansi, ndipo ziboda sizinapweteke pambuyo pake monga zimachitikira zina. Chakudya tinayambiranso pansi, ndipo masiku 12 anapita popanda kuwonjezera thupi.

Pa sikelo

Pakati pa Ogasiti 2024, ili ndi miyezi pafupifupi 23, tepi inasonyeza makilogalamu 365. Tinaonetsetsa kuti masiku oletsa kudya nyama pambuyo pa mankhwala onse adutsa. Abutchala awiri anabwera, onse n'kunena mawu amodzimodzi, akuti ng'ombe yamkaka ndi mafupa ndi mimba basi. Pali choona pang'ono pamenepa. Friesian ndi yaitali, ntchafu zake sizidzaza ngati za ng'ombe za nyama za mtundu wa Brahman, ndipo mafuta ambiri imasunga m'kati osati pansi pa chikopa, ndiye ndi maso imaoneka yowonda kuposa mmene ilili. N'chifukwa chake tinalangiza banjalo kukana mtengo wa maso. Anagwirizana ndi mmodzi mtengo wa pa kilogalamu ya nyama yopachika, mwini ng'ombe ali pomwepo poyeza, ndipo mutu, mang'ina, chikopa ndi zam'kati zikhale ndi mtengo wakewake. Chikalata choyendetsera ng'ombe chinatengedwa kwa alangizi a ziweto a m'deralo.

Nyama inalemera makilogalamu 188, kupitirira pang'ono theka la kulemera kwake ili yamoyo. Woyeza nyama anadula n'kutaya mbali ya chiwindi yomwe inali ndi zipsera za nyongolotsi. Mapapo ndi anabere zinali bwino. Ndalama yomwe analandira inaposa mtengo wa maso uja ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu.

Popeza kwacha inasintha mphamvu pakati pa ntchitoyi, tinawerengera zonse m'malita a mkaka. Pamitengo yomwe banjali linalandira, kilogalamu ya nyama inkafanana ndi malita pafupifupi 10, choncho ng'ombe yonse ndi zam'kati zomwe inabweretsa malita okwana 2,000. Tichotsepo 310 oyamwitsa, 550 a madeya, keke, mchere ndi mankhwala, ndi 480 omwe ng'ombe zamkaka zinalephera kupereka m'miyezi iwiri ya njala ya udzu ija. Otsala ndi malita 660 ndi ndowe zomwe zinapita kumunda wa mbatata, osawerengera thukuta la omweta udzu. Phinduli si lodabwitsa pa miyezi 23, ndipo amene akuuza alimi kuti mphongo iwalemeretsa akuwanamiza. Koma gawo la malita 480 aja likanapewedwa, ndipo ndalamayo inabwera pamodzi mu Ogasiti, nthawi yogula feteleza, zomwe malipiro a mkaka a pamwezi sachita.

Anzathu ena amafunsa ngati si bwino kubereketsa ng'ombe zamkaka ndi umuna wa nkhunzi za nyama kuti ana azidzaza ntchafu. Kwa mlimi wa ng'ombe ziwiri tichenjere nazo. Mwana akabadwa wamkazi sakhala wamkaka wabwino, pomwe msoti wamkaka ndi umene uli ndi mtengo ndipo gulu likuudikira. Ng'ombe yaing'ono thupi ikhozanso kuvutika pobereka mwana wamkulu. Njirayi ndi ya ng'ombe yomwe mkaka wake ndi wochepa kale, yoti mlimi safunanso kusungako mwana wake. Pakhomo pano sitinaigwiritse ntchito.

Ng'ombe yaikulu inabala mu Seputembala 2024, mphongo kachiwiri. Ulendo uno tinayamba ndi kumunda. Banjalo linabzala nsenjere ina m'migula ya munda wa mbatata mvula itayamba, kufikitsa pafupifupi ekala imodzi, linamanga kachisakasa kosungira zotsalira za nyemba ndi udzu wouma, ndipo linagwirizana kuti lizilera mphongo imodzi yokha pa nthawi. Thole la ng'ombe inayo likadzabadwa lamphongo adzaliyamwitsa mpaka kuletsa mkaka, kulithena, n'kuligulitsa kwa mnansi yemwe ali ndi dimba ndi udzu koma alibe ng'ombe. Thole la mu Seputembala linamwa malita anayi a mkaka wachikasu tsiku lobadwa, silinatsekule m'mimba, ndipo linasiya mkaka lili ndi masabata 10 pa makilogalamu 82.